Kandodo ka a Kaputeni

Pulani yonse inabadwira pa tebulo lachitatu m'bala ya kuseri kwa msika, Loweruka masana dzuwa likuswa mtengo. Tinalipo anthu anayi. Mabotolo analipo ambiri kuposa nzeru.

Ndiyambe ndakuuzani anthu ake kuti mukamaseka muzidziwa amene mukumuseka. Mkulu wa gulu anali Mapulani. Ameneyu anali mlonda pa kampani ina mpaka tsiku limene akuba anamuvula nsapato ali mtulo pageti, ndiye atachotsedwa ntchito anati ulonda waudziwa mokwanira, tsopano ayese mbali inayo. Wachiwiri anali Chiphona, munthu wonyamula jenereta yekha koma woopa kukwera pampando kuti asinthe babu. Wachitatu anali alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, dalaivala. Tinkawatcha Livesi chifukwa galimoto inkawamvera bwino ikamabwerera m'mbuyo. Womaliza ndinali ine, Kawaya, wokonza mafoni, mawailesi ndi marimoti pakhonde la sitolo ya zitsulo.

Kuba ine sindinkakudziwa. Ndinayesapo kamodzi ndili mnyamata, ndinathawa galu amene anali womangirira pamtengo. Chimene ndinali nacho pansi pano ndi manja. Zaka khumi ndi zinayi ndili pakhonde lija, palibe chinthu chimene ndinakonza chinabwererako. Akazi anga amandinyoza pa zambiri, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona, koma pa chimenechi sanatsegulepo pakamwa. Dzina limeneli ndi lokhalo ndinali nalo, ndipo ndinkalinyadira mopitirira muyezo. Kunyada komweko ndi kumene kunandiyankhulitsa tsiku limenelo.

"Aise, tabwereza," anatero Mapulani akuika botolo pansi. "Mdala woyendetsa ndege wati upite kunyumba kwake?"

"Lachitatu m'mawa. Anapuma ntchito, ndiye ali ndi kompyuta youlutsira ndege m'chipinda. Ya bodza, koma akuti ngati yeniyeni. Kachinthu kena kafa, akufuna munthu wa manja abwino. Anafunsa msika wonse, anthu analoza ine."

"Amakhala ndi ndani?"

"Yekha. Mayi wantchito amapita kokagula zinthu teni koloko. Mwana wake wamkazi amabwera hafu pasiti thwelofu kudzadya naye. Wati ndifike pakati pamenepo, m'nyumba mumakhala phee."

Mapulani anatsinzina ngati akupemphera. Atatsegula maso, anaviika chala mu mowa umene unatayikira patebulo n'kuyamba kujambula nyumba imene anali asanaionepo.

"Maola awiri ndi theka, mageti otsegula, mwini nyumba atatiitana yekha. Amangwetu, dilu ngati iyi imabwera kamodzi pa moyo. Tilowa ngati kampani. Ine supavaiza. Chiphona wonyamula zida. Livesi dalaivala. Malamulo ndi atatu basi. Livesi, usatsike m'galimoto ndipo injini isazime. Chiphona, usayankhule. Iwe Kawaya, usakonze kanthu."

"Ndisakonze?"

"Ungomasula tizinthuto, uzimucheza mdalayo asatembenuke. Ndikatsokomola katatu, nyamuka, tizipita."

"Ndisiye chinthu cha munthu chili chomasula?"

"Mani, tikukaba. Sitikukalemba mayeso."

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, koma mokakamiza. Tinagundanitsa mabotolo, Mapulani n'kulengeza kuti apolisi a m'dziko lonse ataikidwa pamodzi sangafike pa bongo wake.

Lachitatu tinafika teni koloko itangodutsa, pa kagalimoto kobwereka kwa mkulu wina wogulitsa mazira. Tonse tinavala maovolosi, aliyense mtundu wake. Mapulani ananyamula kabolodi ka mapepala ndi bolopeni yosalemba. Alamu anaimika galimoto pakati penipeni pa geti, chakumbuyo monga mwa luso lawo, kuti pothawa tisachedwe.

Chitseko anatsegula ndi mwini wake, bambo wamtali, wa imvi, malaya oyera osita bwino. Manja awo ankanjenjemera ngakhale atawagwiranitsa.

"Ndi inu a Injiniya?" anafunsa akuyang'ana ine.

Ndinacheuka kuti ndione amene akumunena. Kumbuyo kwanga kunali Chiphona yekha, atanyamula bokosi la zida lopanda kanthu. Chibadwire palibe anandiitanapo choncho. Kumsika ndine "iwe wa mafoni."

"Ndine amene, Kaputeni," ndinayankha, ndipo chifuwa chinakula chokha.

Anatitengera ku chipinda chakumapeto. Munali masikirini atatu akuluakulu ozungulira mpando, chiwongolero cha ndege kutsogolo, zopondera pansi, ndi mabatani osawerengeka. Kumanzere kwa mpando kunali chogwirira chakuda, chonenepa, chokwana bwino m'dzanja. Anati chimenecho ndi thirotulo: ukachikankhira kutsogolo ndege imalandira moto, ukachikoka imafatsa. Pambali pake, pamene pamagona chala chachikulu, panali kandodo kakang'ono ngati mutu wa msomali.

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndili m'mwamba," anatero a Kaputeni. "Kenako manja awa anayamba kuvina okha, adokotala n'kuti basi, tsikani. Mwana wanga anandigulira izi kuti ndisapenge. Tsono kandodo aka ndi khosi langa. Ndikakakankhira kumanzere ndimaona zenera lakumanzere, ndikakakweza ndimaona mitambo. Taonani zimene kakuchita."

Anayatsa. Pa masikirini panabwera bwalo la ndege, msewu wautali uli patsogolo pathu. Popanda munthu kukhudza kanthu, chithunzi chinayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, kusiya msewu, kudutsa mawotchi a ndege, mpaka tonse tinapezeka tikuyang'ana pansi pa mpando wa woyendetsa.

"Miyezi iwiri ndikuuluka ndikuyang'ana kapeti," anatero, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe. Anatulutsa kapepala ka pulasitiki m'thumba la malaya. Munali kandodo katsopano, kamene anaitanitsa kunja n'kudikira masabata asanu ndi awiri. Anayesa kukaika okha, koma sikuludiraiva inkangovina m'manja mwawo.

"Bwana, kuchimbudzi ndi mbali iti?" anafunsa Mapulani ndi mawu a supavaiza. Atalozeredwa, anakodola Chiphona kuti akatenge zida zina ku galimoto. Ine ndinazimitsa masikirini, kuzula waya wa thirotulo, n'kukhala pa katebulo kapambali. A Kaputeni anakhala pampando wawo, nsana utaloza zenera.

Ndinadziuza kuti ndingomasula basi, monga mwa lamulo. Tisikuluu tooneka tinali tisanu. Ndinatichotsa, chogwirira osatseguka. Munthu wa phuma pamenepa amakanula ndi mpeni n'kuthyola pulasitiki. Ine ndikudziwa kuti opanga zinthu izi nthawi zonse amabisa kasikuluu kamodzi, ndiye ndinapapasa ndi chikhadabo mpaka ndinakapeza pansi pa karabala. Chogwirira chinatseguka pakati mofatsa, ndipo a Kaputeni anaomba m'manja kamodzi.

"Amene anabwera mwezi watha anafuna kumenya ndi hamala," anatero. "Inu ndi ena."

M'kati munali timawaya towonda ngati tsitsi, ndi kasipiling'i kamodzi kogwira batani. Kandodo kakale kanali kolumikizidwa ndi timawaya tisanu: kofiira, kakuda, koyera, kachikasu ndi kobiriwira. Kanali katatha m'kati chifukwa chogwira ntchito, kakugwedera ngati dzino la nkhalamba. Ndinalumikiza chitsulo changa chowotcherera kumagetsi. Fungo la mtovu litangondifika m'mphuno, ndinaiwala kuti ndabwera ndi anthu.

Chinandikumbutsa ndi zenera. Nditadzutsa mutu ndinaona TV yaikulu ikuyenda pabwalo ndi miyendo ya Chiphona, itafunditsidwa bulangete la mwini nyumba. Kenako panadutsa masipika awiri. Kenako Mapulani, atakumbatira maikulowevu, akuyenda monyang'ama ngakhale kuti panja panalibe womumva. A Kaputeni anali akundifotokozera za mphepo ina imene inawagwira pamwamba pa nyanja, ine n'kumangoti "eya, eya" maso ali pa zenera.

Leveni koloko itadutsa pang'ono, m'khonde munamveka kutsokomola katatu.

Kandodo katsopano kanali m'zala zanga, timawaya tiwiri nditalumikiza kale, titatu tikulendewera. Ndikanatha kuimirira n'kunena kuti ndaiwala china m'galimoto. Ndinayang'ana chogwirira chili yasa patebulo, ndinayang'ana manja aja akunjenjemera pamaondo, miyendo yanga n'kukana kudzuka. Ndinati mumtima, mphindi zisanu sizinaphepo munthu.

Kutsokomola kunabweranso, ulendo uno kasanu, kochokera pansi pa mimba.

"Abwana anuwo ali ndi chifuwa choipa," anatero a Kaputeni. "Akapimitse."

Ndinathamanga. Timawaya titatu tija ndinatiwotcherera mwachangu, kutseka chogwirira, kumanga tisikuluu, kubwezera waya, kuyatsa masikirini. Chithunzi chinaima nji, osatsetserekanso. A Kaputeni anaika chala chachikulu pa kandodo n'kukankhira m'mwamba. Tinaona zenera lakumanzere. Anakankhira kumanja. Tinaona kapeti.

Ndinadziwa pomwepo. Mu phuma lija ndinali nditasemphanitsa kachikasu ndi kobiriwira.

A Kaputeni anamwetulira mwaulemu. "Palibe kanthu, a Injiniya. Bola sikakuyenda kokha. Ndizolowera."

Kunali bwino akananditukwana. "Ndizolowera" ndi mawu amene anthu amanena akamachoka kwa wokonza wolephera, foni ikulira ukaigwedeza, wailesi ikugwira ukaimenya. Mawu amenewo ndinawamvapo akunenedwa kwa anzanga pakhonde, ine n'kumaseka chamumtima. Lero ananenedwa kwa ine, ndi munthu amene wandiitana kuti injiniya. Ndinachita manyazi mpaka m'mafupa.

"Ayi, Kaputeni, simuzolowera," ndinatero, n'kuzulanso waya.

Ndikuchotsa kasikuluu kachitatu, Mapulani analowa akumwetulira ndi mano okha. Anawerama ngati akuyendera ntchito n'kundinong'oneza.

"Ukutani iwe? Katundu yense ali m'galimoto!"

"Ndasemphanitsa mawaya, bigi."

"Asemphane! Ndi abale ako?"

"A Supavaiza," anatero a Kaputeni, "popeza mwabwera, tagwirani nyale iyi muwaunikire. Ine ndikagwira, kuwala kumayendayenda."

Supavaiza angakane bwanji kuunikira wantchito wake pamaso pa kasitomala? Mapulani anagwira nyale, dzanja lina akunditsina kumsana. Kutsinako kunandidzidzimutsa, chala chinaterereka, kasipiling'i kaja n'kudumpha. Tinangomva kakuti ti penapake pansi.

Anaitanidwa Chiphona. Munthu wamkulu uja anagwada n'kuyamba kukwawa chipinda chonse, akupapasa kapeti ndi zikhatho ngati mafosholo. Lamulo lake loti asayankhule analisunga, ankangobuula. Kasipiling'i kanapezeka patapita mphindi khumi ndi zisanu, katakodwa mu mpindiro wa ovolosi ya Mapulani.

Ulendo uno sindinathamange. Ndinachotsa kachikasu, ndinachotsa kobiriwira, ndinapukuta mtovu wakale, n'kuika kalikonse pamalo pake. Ndinakoka kalikonse pang'ono kuti ndione ngati kagwira. Ndinagoneka timawaya m'ngalande yake kuti chogwirira chisatitsine potseka. Titayatsa, ndinauza a Kaputeni azungulize kandodo katatu mpaka m'mphepete kuti kompyuta ikadziwe malire ake. Kenako anakankhira m'mwamba, tinaona denga. Kumanzere, zenera lakumanzere. Atasiya, chithunzi chinabwerera pakati n'kuima.

Inali nthawi ya kota tu thwelofu. Geti linali lotsegula, injini ikulira, katundu ali m'galimoto. Mapulani anali atafika kale pachitseko. Apa ndiye pamene nkhani ikanathera bwino, ndipo ndikufuna zidziwike kuti amene anaiononga si wina ayi. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Kaputeni, chinthu sichinakonzeke ngati sichinayesedwe pa ntchito yake. Tiyese m'mwamba."

Mapulani anandiyang'ana ndi maso oti akanakhala mipeni bwenzi mukuwerenga za maliro. Asanayankhule, m'khonde munamveka mapazi, alamu anga n'kusuzumira.

"Amangwetu, mafuta aja munathira ndi ochepa, geji ya..."

Sanamalize. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, akuyang'ana masikirini atatu ndi msewu wa ndege. Alamu angawa chiyambire ubwana ndege ikamadutsa amasiya chilichonse n'kuyang'ana kumwamba, ndipo galimoto yawo yoyamba anailowetsa mu ngalande chifukwa chomwecho.

"Mumayendetsa?" anafunsa a Kaputeni.

"Chilichonse cha matayala, bwana."

"Ichinso chili ndi matayala. Khalani apa mugwire chiwongolero, dzanja langa lamanja silidalirika. Ine ndigwira thirotulo."

"Livesi, galimoto!" anatero Mapulani kudzera m'mano.

"Ikulira, bigi, sindinazimitse."

A Kaputeni anatenga kakhadi kolembedwa zoyenera kuona ndege isananyamuke, n'kukapereka kwa Mapulani. "Inu mawu anu ndi a ulamuliro. Ndawamva mukungolowa. Muziwerenga mzere uliwonse, ife tiziyankha."

Mapulani anakhala mlonda zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe anamuuzapo kuti mawu ake ndi a ulamuliro. Ndinamuona akuwongoka. Anaika kakhadi pa kabolodi kake kaja, n'kukonza kukhosi.

"Zitseko?"

"Zatsekedwa."

"Mabuleki?"

"Amasulidwa."

"Chabwino," anatero Mapulani, mawu atakula. "Mutha kunyamuka. Koma mwachangu."

A Kaputeni anakankha thirotulo. Chipinda chonse chinadzaza ndi kulira kwa injini, msewu unayamba kuthamangira kwa ife, ndipo atati "kokani," alamu anakoka. Dziko linatsika. Nyumba zinasanduka timabokosi, misewu n'kukhala ngati ulusi. Chiphona, amene anali ataimirira kumbuyo, anagwira felemu ya chitseko ndi manja onse awiri n'kutsinzina.

"Mayo ine, tsitseni," anatero, ndipo lamulo lachiwiri linathera pomwepo.

Ine sindinkayang'ana masikirini. Ndinkayang'ana chala chachikulu cha a Kaputeni. Chinakankhira kumanzere, anaona phiko likudula mtambo. Chinakankhira kumanja, anaona mtsinje ukung'anima. Chinakwera m'mwamba n'kukhala komweko nthawi yaitali, kuthambo kopanda kanthu. Dzanja lonse linkanjenjemera koma chala chija chinali chitakhazikika pa kandodo kanga, ndipo m'maso mwa mdala uja munali misozi. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinaiwala kuti bulangete limene amafunda lili m'galimoto ya mazira.

Amene anakumbuka ndi Mapulani, kota pasiti thwelofu.

"Livesi, dzuka. Nthawi yatha."

"Bigi, ndisiye ndege m'mwamba?"

"Isiye!"

"Muli anthu handiredi eyite kumbuyoku. A Kaputeni anena."

"Anthu ake ati? Ndi katuni imeneyi!"

"Katuni kaya si katuni, ine sindinaphepo munthu," anatero alamu, maso ali patsogolo, thukuta likutsika m'khosi.

"Itsike kaye," anatero Chiphona ali chitsinzinire. "Ine miyendo sikuyenda."

Mapulani akanatha kuthawa yekha, koma kuyendetsa galimoto sadziwa, ndipo TV ija sakanaisenza. Anayang'ana wotchi, anayang'ana kakhadi. Kuseri kwake kunali mndandanda wina, wa potera.

"Chabwino, tsitsani. Koma kamodzi n'kamodzi."

Ulendo woyamba alamu anafika pabwalo ali pamwamba kwambiri, ngati akufuna kutera pa denga la mitambo. A Kaputeni anakankha thirotulo n'kuti tizungulirenso. Tikuzungulira, ndinamva injini ina ikutsokomola kawiri n'kuzima. Ndinafunsa ngati ndi yathu, a Kaputeni anati ayi, zathu zonse ziwiri zili bwino. Tonse mitima inakhala pansi. Palibe anaganiza kuti panja palinso injini yathu ina.

Tikulunjika bwalo kachiwiri, kumbuyo kwathu kunamveka mawu a mzimayi.

"Adadi, galimoto yatseka geti ija ndi ya ndani? Nanga TV yanu ikutani m'menemo?"

"Mayi, chete!" anakalipa Mapulani osacheuka n'komwe. "Tikutera!"

Mayi uja anakhaladi chete. Tinamva nsapato zake zikubwerera m'khonde, ndipo ndikukumbuka kuti ndinamuyamikira mumtima kuti ndi munthu womvetsa zinthu.

Kukalipa kuja kunamudumphitsa Mapulani mzere umodzi, ndipo unali mzere wa matayala. Tinatsala pang'ono kukhudza pansi ndi mimba ya ndege, belu likulira, a Kaputeni n'kukankhanso thirotulo mpaka kumapeto. Alamu anatukwana supavaiza pamaso pa kasitomala. Mapulani, munthu amene sanapepesepo chibadwire, anati, "Ndalakwa ine, tiyeni tibwerezenso bwinobwino."

Kuzungulira kwachitatu kunali kwakutali, chifukwa a Kaputeni anati dalaivala wathu akufunika mpata wokwanira woti awongoke. Palibe anatsutsa. Mapulani anawerenga mzere uliwonse akuloza ndi bolopeni yosalemba ija. Matayala anatsika. Msewu unaonekera kutsogolo, uli pakati penipeni. A Kaputeni anasuzumira kumanzere ndi kandodo, anasuzumira kumanja, n'kubwerera kutsogolo, ndipo kanawamvera ngati khosi lawo lenileni.

Kumbuyo kunalowa nsapato zolemera, za anthu awiri. Mawu ena okhuthala anayamba kuti, "Nonse muli m'muno..." koma ena anawadula motsitsa, "Tadikira kaye, tione ngati atere."

"Fifite," anawerenga a Kaputeni mtunda wotsala kuti tikhudze pansi, akukoka thirotulo pang'onopang'ono. "Sate. Kwezani mphuno pang'ono. Teni. Gwirani pomwepo. Gwirani."

Matayala analira pa msewu. Ndege inadumpha kamodzi, n'kukhazikika, n'kuyamba kufatsa mpaka inaima.

Chipinda chinaphulika. Alamu anaimirira manja ali m'mwamba akukuwa kuti anthu onse ali moyo. Chiphona anatsegula maso n'kugwada pansi kupsompsona kapeti. Kumbuyo anthu ankaomba m'manja. Mapulani anaponya kabolodi m'mwamba, anatembenuka, n'kukumbatira munthu woyamba amene anamupeza, akumusisita kumsana. Anazindikira mochedwa kuti tsaya lake lagona pa mabatani a yunifolomu.

"Mwatera bwino," anatero wapolisi uja, osamusiya. "Tsopano manja kumbuyo."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Maunyolo analipo awiri okha, ndiye anatimanga awiriawiri, ine ndi Chiphona, Mapulani ndi alamu. Mwana wa a Kaputeni anaima pakhomo, foni ili m'manja.

"Adadi, anthuwa amakuberani inu muli pompano! Simunaone kanthu?"

"Ndinaona," anatero a Kaputeni mofatsa. "Masikirini akazima amakhala kalilole. TV inadutsa, masipika anadutsa, awa anadutsa ndi maikulowevu akuyenda ngati pansi pali minga."

"Ndiye osakuwa bwanji?"

"Ndikanakuwa akanathawa, kandodo kakanatsala patebulo kali mawaya pamtunda. TV ija ndimaonerapo chiyani, mwana wanga? Ndinangoti bola amalize."

Mapulani anaweramitsa mutu. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Galimoto ya apolisi sikanatha kulowa chifukwa yathu inali itatseka geti, yopanda ndi dontho lomwe la mafuta. Choncho tinayamba ndi kutsitsa katundu yense n'kumubwezera m'nyumba, tili omangidwa, mwana wa a Kaputeni akutilozera pamene chilichonse chimakhala. Kenako tinakankha galimoto ya mazira kuichotsa pageti, anthu a mumsewu atadzaza kumpanda. Alamu ankauza aliyense wofuna kumva, ngakhale wosafuna, kuti atsitsa ndege ulendo wachitatu wokha, ndipo ena amatenga zaka.

Tikukwera m'galimoto ya apolisi, a Kaputeni anatuluka n'kudzaima pafupi ndi ine. Sindinathe kudzutsa maso. Ndinkayang'ana nsapato zawo.

"A Injiniya."

Anandiitanabe choncho, atadziwa zonse.

"Ntchito yanu ili m'manjamo, ndaiona. Ina iyi si yanu, simukuidziwa n'komwe."

Unyolo sunandipweteke ngati mawu amenewo. Ndinafuna kupepesa, koma chimene chinatuluka ndi chakuti asamakakanikize kwambiri kandodoko, ndipo azikapukuta fumbi Loweruka lililonse. Anagwedeza mutu ngati akulandira malangizo a dokotala, n'kubwerera m'nyumba.

Apolisi anachedwa pang'ono kulemba za umboni. Mapulani ankanditukwana kuyambira kwa agogo anga kutsika m'munsi, Chiphona akulira mwakachetechete pa phewa langa. Ine sindinkamva zonsezo, khutu langa linali ku zenera lakumapeto. Patapita kanthawi kunamveka injini ikudzuka, ikukwera, ikukwererabe, mpaka ndege inanyamuka.

"Iwe, ukusekerera chiyani?" anafunsa wapolisi akutseka chitseko. "Ukudziwa kumene ukupita?"

"Ndikudziwa, bwana," ndinatero. "Koma kandodo kakugwira."